Ankabweza Madengu a Tiyi, Lero Akujambula Nyenyezi

Amayi oyandikana nafe nyumba anagwira ntchito pa esiteti zaka zambiri, yoyang'ana tiyi asanakwere pa sikelo. Dengu likakhala ndi masamba okhwima ankalibweza, olo mwini wake alire. Masiku ano amajambula nyenyezi.

Zida zawo n'zochepa: kamera yakale imene mwana wawo anawatumizira, miyendo itatu ya nsungwi yoikapo kamerayo, ndi sokosi yodzaza mchenga wotentha yomwe amakulunga m'mbali mwa galasi la kamerayo kuti mame asagwirepo. Amajambula malo amodzimodzi kumwamba kambirimbiri, kenako amasanjikiza zithunzizo pa laputopu mpaka mlalang'amba uoneke bwino. Aliyense wofuna kuphunzira amamuuza zomwezo: "Musathamangire kuwonjezera mitundu. Yambani mwataya zoipa."

Mu Julaye chiperoni chinatseka kumwamba masabata awiri. Usiku umene kunayera, anakhala m'mphepete mwa munda wa tiyi mpaka tambala woyamba kulira, n'kujambula zithunzi mazana awiri. M'mawa ndinawapeza akuzifufuta. Mchenga unali utazizira msanga, mame n'kugwira galasi, ndipo nyenyezi zonse zinatuluka ngati madontho a phala.

"Amayi, siyaniko khumi," ndinawachonderera. "Angadziwe ndani?"

Sanandiyang'ane n'komwe. "Mwanawe, ine ndinkabweza madengu a azimayi obereka ana kumbuyo, atathyola tsiku lonse pamvula. Ndiye langali ndilimvere chisoni?"

Anafufuta chomaliza. Madzulo ake ndinaona utsi kuseri kwa nyumba yawo. Anali akukazinga mchenga m'chiwaya, ndipo ulendo uno pambali pawo panali masokosi atatu.