Ndinathawa Udindo Chifukwa cha Kadzidzi Wakufa

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli pantchito m'makampani, ine ndinali pa udindo wabwino koma ndinautaya chifukwa cha mantha. Palibe amene anandichotsa. Ndinanyamuka ndekha, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Ndinali kalaliki pa kampani ina yogula ndi kupuntha mpunga kwathu ku Nkhotakota. Mabwana atsopano a ku likulu ananena kuti nawonso amayi azipatsidwa maudindo, ndipo anandisankha kukhala manijala wa depoti ya ku Liwaladzi. Bambo anga anasangalala mpaka anaitana ashehe kudzachita duwa, pemphero lothokoza Mulungu, kunyumba.

Ntchitoyo ndinkaikonda. Ndinali munthu wanthabwala, ndipo m'mawa ndinkayamba ndazungulira pabwalo loyanikira mpunga, kupatsana moni ndi aliyense. Ndinalemba amayi angapo ntchito ya pasikelo, imene kale inali ya abambo okhaokha. Alimi anayamba kusiya mavenda n'kumabwera kwa ife.

Wachiwiri wanga anali a Nkhoma, bambo wachikulire amene anakhalitsa pa depotiyo. Ankanditchula kuti mwana wanga, ndipo ine ndinkawadalira ngati kholo.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza kadzidzi wakufa pakhomo la ofesi yanga, miyendo yake itamangidwa ndi kansalu kofiira. Ndisanaganize chochita, a Nkhoma anatulukira, n'kumukwirira kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba. Anandinong'oneza kuti ndisauze munthu, chifukwa zoterezi ukazitchula zimakula mphamvu. Ndinamvera.

Pasanapite nthawi ndinapeza mpando wanga utapakidwa mafuta akuda onunkha. Kenako mpango wanga umene ndinkausiya mu ofesi unasowa, n'kudzapezeka utadulidwa kansonga. Nthawi zonse woyamba kufika anali a Nkhoma, nkhope ili yachisoni. Anandiuza kuti manijala amene analipo kale anatupa miyendo asanamwalire, ndipo zinayamba chimodzimodzi. Anawonjezera kuti ndisamale ndi amayi a pasikelo, poti mkazi sakondwa mkazi mnzake akakwera.

Abale anga, mantha ndi matenda. Ndinasiya kudya kuntchito. Madzi ndinkachoka nawo kunyumba. Moni uja ndinasiya, ndinkangodzitsekera mu ofesi n'kumayang'ana miyendo yanga ngati yayamba kutupa. Mmodzi wa amayi a pasikelo, dzina lake Asiyatu, anabwera ndi chinangwa chophika kudzandifunsa chimene chinkandidya. Ndinamubweza ndi mbale yake ndisanaitsegule n'komwe. Amuna anga ankandifunsa, ine n'kumati ndi malungo. Ngakhale kwa bambo anga ndi ashehe sindinatsegule pakamwa.

Mwana wanga wamng'ono atadwala chifuwa, a Nkhoma anabwera kudzationa kuchipatala. Potuluka anandiitanira pakhonde.

“Mwana wanga, ayamba kugogoda kunyumba tsopano. Udindo umapezeka wina, koma mwana sagulidwa.”

Sabata yomweyo ndinasiya ntchito. Bwana wina wa ku likulu, mayi, anayenda ulendo wonse kudzandifunsa chifukwa chake, ndipo anandichonderera kuti ndinene ngati pali wondivutitsa. Ndinangoti ndatopa.

Pa mpando uja panakhala a Nkhoma. Amayi a pasikelo anachotsedwa mmodzimmodzi, Asiyatu kukhala woyamba. Alimi anabwerera kwa mavenda ndipo depoti inayamba kugwa. Mabwana ataona choncho anatumiza manijala wina, Mayi Kamanga ochokera ku Dwangwa, a Nkhoma n'kubwerera pa uchiwiri wawo.

Zimene zinatsatira ndinazimva kwa Asiyatu, amene Mayi Kamanga anamubwezera pantchito. Nawonso Mayi Kamanga anapeza zonyansa pakhomo la ofesi, ndipo a Nkhoma anathamangira ndi malangizo awo aja. Koma mayiwo anakana kuti chilichonse chichotsedwe. Anaimba belu, antchito onse n'kusonkhana, ndipo anawaonetsa zinthuzo dzuwa likuswa mtengo. Kenako anatenga tsache n'kusesa okha uku akuseka.

“Amene wabweretsa izi, mawa abweretse nkhuku yamoyo, tidye tonse,” anatero.

Tsiku lomwelo anakanena ku likulu. Mabwana anabwera kudzafunsa anthu mmodzimmodzi, ndipo mapeto ake a Nkhoma anawasamutsira kutali. Kuchokera pamenepo pakhomo paja sipanapezekenso kanthu. Zinadziwikanso kuti manijala wakale uja sanamwalire, anangopuma pantchito ndipo ankalima kwawo ku Mwadzama.

Mayi Kamanga anakwera mpaka kukakhala m'gulu la mabwana ku likulu. Ine ndinabwerera ku ukalaliki pa kampani ina yaing'ono, ndipo ndinapumira pomwepo.

Inu amayi amene mwakwezedwa pantchito, sindikunena kuti musamaope, poti mantha ndi a munthu aliyense. Koma musawasenze nokha. Wina akakuuzani kuti vuto lanu musauze munthu, mumuyang'anitsitse ameneyo. Uzani akunyumba, uzani mabwana anu, ndipo amayi anzanu muwasunge pafupi. Musalole kuti akulandeni kuseka kwanu, chifukwa ine atangondilanda kumeneko, mpando sunavutenso kulanda.