Mkazi Mnzake wa Sakina

Bashandi wa m'tauni ya Sohag anayendetsa mutu umodzi wa sitima kwa zaka makumi atatu. Unali wa dizilo, wokoka mabogi a anthu, ndipo mkazi wake Sakina ankautcha "mkazi mnzanga".

Mutuwo unadutsa m'manja mwa eni anayi. Azungu atatopa nawo anaugulitsa kuno uli wobiriwira, boma n'kuupaka penti yofiira. Kenako kampani ya shuga inaugula kuti uzinyamula antchito, pomaliza unapita kwa ena onyamula alendo okaona malo. Wogula aliyense ankabwera ndi dalaivala wake, koma kukazizira m'mawa injini inkangotsokomola osalira. Basi, ankatumiza uthenga kwa Bashandi. Iye akafika ankagogoda pampu ya mafuta kawiri ndi sipanala n'kutchula dzina la Mulungu kuti Bismillah, injini n'kudzuka. Ena ankayesa kugogoda pomwepo, koma ayi ndithu.

Mutuwo utakalamba anauimika pabwalo la siteshoni, ndi chikwangwani chotchula eni ake onse anayi. Bashandi anachiwerenga kawiri, dzina lake panalibe. Atafika kunyumba anakankhira kumbali mbale ya nyemba.

"Zaka makumi atatu!" anadandaula. "Anthu amenewa sakudziwa n'komwe pamene pali pampu."

"Bambo a Ragab, mukulirira chiyani?" anatero Sakina, pomuitana ndi dzina la mwana wawo. "Mkazi mnzangayo amuna anayi anamukwatira ndi mapepala, onse anamusiya. Inu munali chibwenzi chabe. Munamvapo kuti chibwenzi achilemba pachikwangwani?"

Sakina anamubwezera mbale ija.

"Idyani nyemba zisanazizire. Pepala la ukwati lokhala ndi dzina lanu lili ndi ine."