Ampulifaya ya Malemu Luhanga

Chaka chimene Hezron Chavula anawotcha ampulifaya ya malemu Luhanga, anthu a pa Rumphi Boma anasiya kumutchula dzina. Ankangoti "uja wa utsi."

Hezron anakula wamasiye, ndipo sukulu inamukanika ali ku pulayimale. Kukonza mawailesi anadziphunzitsa yekha. Anali ndi kathebulo pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Sanali wolemera, koma ana ake ankagona atadya.

Ampulifayayo, chipangizo chokweza mawu a nyimbo, inali yachikale, yolemera, ya mababu agalasi amene amayaka m'kati. Malemu Laws Luhanga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia pamodzi ndi masipika awiri akuluakulu amatabwa. Bambowa ankaimba besi mu kwaya ya ku Nchenachena, ndipo mawu awo anatsala mu kaseti imodzi yokha. Mkazi wawo, mayi Mabel, ankaimvera Lamulungu lililonse akabwera ku tchalitchi. Koma makutu awo anali atayamba kutseka. Ana anawaikira nyimbozo mu foni, mayiwo anangomvera pang'ono n'kuibweza.

"Awa si adada anu," anatero. "Mawu awo ankachokera pansi."

Ampulifayayo itayamba kuduladula mawu, mwana wawo Manasseh anapita nayo kwa Hezron. Masipika anawasiya kunyumba chifukwa cha kulemera.

Hezron anachita zimene ankachita ndi wailesi iliyonse. Anailumikiza ku magetsi, anaika kaseti, nakweza voliyumu kuti ayambe kuyeza. Wailesi za masiku ano zimapirira zimenezi. Koma ya mababu siyatsidwa popanda sipika. Mphamvu ikasowa kotulukira imabwerera m'kati n'kutentha thiransifoma imene imatumiza mawu ku masipika. Iye sankadziwa, ndipo panalibe amene anamuuzapo.

Kunamveka fungo, kenako utsi. Anthu a mumsika, amene sathamangira munthu akamapempha thandizo, anathamangira kudzaona.

"A Chavula, mukukonza kapena mukuphika?" anafuula wina, ndipo onse anaseka.

Manasseh sanaseke. Ananyamula chinthucho mwakachetechete. Asanachoke anangoti, "Mwawaika m'manda kachiwiri adada anga."

Sabata isanathe, aliyense anadzatenga wailesi yake, ngakhale zimene zinali zitakonzedwa kale. Mwini golosale anachotsa kathebulo kaja. Hezron anayamba kusenza mabelo a fodya, ndipo anzake amene ankamwa nawo tiyi ankayang'ana kumbali akakumana naye. Anthu ndi otero. Amene sanagwepo asatsutse.

Tsiku lina Hezron anakagogoda kwa mayi Mabel. Anakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Amama, ndipatseni ampulifaya ija."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu."

"Ampulifaya ija! Ndikufuna ndiikonze!"

"Munaiwotcha kale. Mwatsala ndi chiyani choti muwotche?"

"Ndikalephera, simudzandionanso pakhomo pano."

Mayiwo anamuyang'ana. Kenako analoza kuseri kwa chitseko kumene Manasseh anaiponya.

"Tengani. Koma fulumirani, mwana wanga. Makutu awa sakudikira munthu."

Thiransifoma yamtundu umenewo sinkapezeka m'sitolo iliyonse. Ku Mzuzu ena anamuseka, wina anafuna kumugulitsa chitsulo cha mu furiji n'kumalumbira kuti ndi chomwecho. Potsiriza anapeza mdala wina wokulunga waya wa mamota a zigayo. Mdalayo sanafune kuphunzitsa munthu. Hezron anatenga tsache n'kuyamba kusesa pamalopo osatumidwa. Anasesa mpaka mdalayo anatopa naye, namulola kuimirira pafupi n'kumaonerera manja ake.

Atabwerera ku Rumphi, anamasula waya wopsa uja pang'onopang'ono, akuwerenga mmene unazungulirira. Unali wowonda ngati tsitsi. Masana ankasenza fodya, akaweruka ankakulunga waya watsopano ndi zala zotupa. Atamaliza anailumikiza ku sipika yakale ya mu minibasi, ndipo inangong'ung'udza ngati njuchi. Anamasula zonse. Ulendo wotsatira waya unaduka atatsala pang'ono kumaliza. Anakhala pansi n'kulira ngati mwana. M'mawa mwake anayambiranso.

Mvula inabwera, inapita. Tsiku lina anakumana ndi mayi Mabel pa msika nawapatsa moni. Mayiwo sanatembenuke. Anabwereza mokweza, koma iwo sanamve, anangopitirira ndi dengu lawo. Hezron sanadye tsiku limenelo.

Lamulungu lina masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, Hezron anafika kwa mayi Mabel ampulifaya ili pa njinga, ataikulunga m'bulangeti. Manasseh anaima pakhomo.

"Mwabweranso ndi utsi wanu?"

"Asiye alowe," anatero mayi ake, amene anaona nkhope ya mwana wawo ngakhale mawu sanawamve.

Hezron anaiika pa kabati, motalikirana ndi khoma. Mayiwo anabwera ndi kansalu koluka koti aphimbe pamwamba, iye anakalandira ndi manja awiri n'kukaika pampando.

"Mababu amatentha, amama. Amafuna mpweya."

Pulagi ya magetsi anaiika m'thumba la malaya ake, chingwe chikulendewera, kuti wina asaigwire. Anayamba ndi masipika. Waya wofiira pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Waya uliwonse anaukoka kuti aone ngati wagwira. Kenako analumikiza chingwe chochokera ku choimbira makaseti, natsitsa voliyumu mpaka pansi. Anabwereranso kuseri kwa masipika kukayang'ana kachiwiri. Atatero m'pamene anatulutsa pulagi ija.

Anayatsa. Munali zii.

"Yafa basi," anatero Manasseh.

"Dikirani, akulu. Iyambe yafunda."

Mayi Mabel ankayang'ana mababu aja akuyamba kufiira ngati makala. "Adada ako ankaiyatsa n'kupita kukathira tiyi," anauza mwana wawo. "Iwe wapupuluma kuyambira uli mwana."

Hezron ananunkhiza. Kunalibe fungo. Anaika kaseti, nakweza voliyumu pang'onopang'ono. Mawu a azimayi a kwaya anadzaza pabalaza. Manasseh anakhala pansi mwadzidzidzi. Koma nkhope ya mayi ake sinasinthe. Mawu ang'onoang'onowo sankawafikanso.

Hezron anachotsa dzanja pa voliyumu. Anali atachedwa.

Mayiwo anadzuka, anakokera mpando pafupi ndi sipika imodzi, naika dzanja pa thabwa lake. Kenako mawu a azibambo analowa m'nyimbomo, ndipo pansi pa onsewo panamveka besi imodzi yolemera imene inanjenjemeretsa makapu mu kabati.

Mayi Mabel anakanikiza dzanja pa thabwa lija.

"Ndi iwowa," anatero. "Tamverani, alowa mochedwa. Masiku onse ankalowa mochedwa."

Anaseka misozi ikutsika, dzanja lili pa thabwa mpaka nyimbo inatha. Atatero anatembenukira kwa Hezron namuthokoza m'Chitumbuka.

"Yewo chomene, a Chavula."

Aka kanali koyamba chichitikire ngozi ija kuti munthu wa kunja kwa nyumba yake atchule dzina lake popanda kuseka.

Lero Hezron ali ndi kachipinda kakekake, ndipo amakulunga mathiransifoma ndi mamota ochokera mpaka ku Bolero. Aja ankamutcha wa utsi ndi omwe amanena kuti ankadziwa kale kuti mnyamatayo ali ndi mutu. Iye amawakonzera, koma tiyi samwa nawo.

Inu amene mwawononga chinthu anthu akuona, musayembekezere kuti adzakudzutsani. Sadzabwera. Bwererani nokha pamene panapsa, masulani waya, muyambirenso. Ndipo mukayatsa n'kumva zii, musathamangire kuzimitsa. Osataya mtima, dikirani ifunde.