Njira Yodzera Kumanda

Sileti yanga inali ndi mng'alu pakona, ndipo ndinkaikoleka m'khosi ndi luzi kuti manja akhale omasuka pothawa. Eee, pothawa, chifukwa kwathu cha ku Kabudula kusukulu sitinkapita choyenda ayi. Siletiyo anaitumiza ndi bambo kuchokera ku Halale, zaka zija fodya atangolowa kumene m'minda mwathu. Iwo eni sanabwerenso.

Njira zopita kusukulu ya mishoni zinali ziwiri. Yaifupi inkalambalala manda a m'mudzi mwathu. Yaitali inkazungulira kudambo, kumene mame ankatinyowetsa mpaka m'chiuno, chitedze n'kutiyabwa thupi lonse. Nthawi ya dzinja tinkadzera yaifupi popanda vuto. Koma anthu akangokolola, ng'oma n'kuyamba kulira, amuna a Gule Wamkulu ankakhazika dambwe lawo m'nkhalango ya mandayo. Panjira ankazikapo kamtengo komangirira nsanza yofiira ndi nthenga. Mnyamata wosameta akangodutsa pamenepo ankagwidwa n'kulowetsedwa gule pompo, kwawo n'kupereka nkhuku.

Aphunzitsi nawo anali ndi lamulo lawo: "Wolowa gule asapondenso pano." Ndipo wofika chitsulo chitalira kale ankalawa mkwapulo. Iwo ankagona pasukulu pomwepo, za dambo akanazidziwira kuti? Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira. Olimbana anali akuluakulu, koma mikwingwirima inali pamsana panga.

Chisanu cha chaka china anzanga ambiri anasiya sukulu. Ine ndinakakamira, zikang'a zikutuluka magazi, chifukwa ndinali nditangoyamba kulumikiza zilembo ndipo ndinkafuna kudzalembera bambo ndi dzanja langa. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankandiseka poyera. "Mphwanga, kodi udzakwatira sileti? Wosameta ndi mwana mpaka imvi, ngakhale amako sudzawakumbira manda." Amayi akamva zimenezo ankangowerama n'kumapitiriza kusinja.

Tsiku lina ndinabwera msana utatupa, kugona chagada osatheka. Amayi anandithowa ndi madzi ofunda. Dzuwa likupendeka anandiitana kuti ndiwathandize kugwira tambala wathu wofiira, ndipo tinammangirira kumwendo wa nkhokwe. Nditafunsa ngati kukubwera alendo, anangoti, "Kasambe."

M'mawa mwake anandipatsa mbatata yootcha. "Lero udzere yaifupi," anatero, maso ali kumoto. "Atsibweni ako akuti gule wapita kukavina maliro kutsidya." Ndani angakayikire mayi ake?

Nsanza yofiira ija inalipobe, koma ndinati angoiwala kuichotsa. Kunali zii, ngakhale njiwa osalira, fungo la utsi wokha likuchokera m'mitengo. Nditangodutsa kamtengo kaja, udzu unagwedezeka uku ndi uku. Zinavumbuluka zilombo, matope thupi lonse, zikulira ndi mawu aang'ono aja olasa m'makutu. Ndinaliyatsa liwiro, sileti ikundimenya pachifuwa, ndikukuwa amayi, amayi! Luzi linaduka, ndinagwa chafufumimba, ndipo ndinamva sileti ikuphwanyika pansi pa phazi la chimodzi mwa izo.

Zimene zinachitika m'nkhalangomo sindinena. Ndine wometa, pakamwa ndinatseka kalekale.

Atanditulutsa ndinathamangira kusukulu, mutu uli mbee. Aphunzitsi anaima pakhomo, nandiyang'ana kumutu, osafunsa n'komwe kuti zinayenda bwanji. "Bwerera kwa anzako akunja," anatero, akuloza njira ndi mkwapulo womwe uja. Ndinagwada, ndinalira, ndinati anachita kundigwira. Ana m'katimo ankaseka. Munthu wophunzitsa za chifundo tsiku ndi tsiku analibe ngakhale kadontho. Sindinawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndinayesapo.

Kumudzi atsibweni anandilandira ndi chimwemwe, ati tsopano ndakula. Kukula kwake kumeneko! Ndakalamba ndikudinda chala, ndipo bambo anafera kuchilendo osaona chilembo changa ngakhale chimodzi.

Za tambala ndinazimva kwa anzanga, kuti atsibweni anafika naye kudambwe ine ndisanaleke n'kulira komwe, chingwe chikadali kumwendo. Ndinali mwana. Ndinangoti ndinachita mwayi kuti nkhuku inapezeka yomanga kale, ndipo madzulo ake ndinagwada pamaso pa amayi n'kuwathokoza pondiwombola msanga.