Chitenje Changa Chinatsala M'nyanja ya Mchere

Ndi zoona izi, abale anga, sindinazilote ndipo sindinazimve kwa munthu. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, cholembera chimanditopetsa kuposa khasu, ndiye mukuganiza ndingathyole zala zangazi kulemba bodza? Uthenga unandipeza pamsika wa ku Woolwich kuno ku London, therere lili m'manja, ndikulithyola kumchira kuti ndione ngati ndi lanthete. Foni kulira, ine kuyankha, ndi mwana wanga wamkazi, uja nesi, akuti amayi khalani pansi. Pansi pati, pamsika? Akuti zaka zanga makumi asanu ndi awiri sitikondwerera m'fulati ayi, tikukwera sitima yapamadzi kupita ku zilumba zotentha za ku Caribbean, iye, ine, ana awiri ndi bambo awo. Nthungululu inatuluka yokha! Wogulitsa therere anadzidzimuka, nkhunda zinauluka, ine ndikuvina ndi chikwama pakati pa azungu. Patha zaka zitatu tsopano, ndipo mayina ndawasungira kumapeto, poti kumapetoko ndi kwa chimwemwe.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi apongozi anga, amuna a mwana wangayo. Ine kwathu ndi ku Mchinji, iwo kwawo ndi ku Chipata, amayendetsa basi kuno ku London. Pa nthawiyo nkuti nditakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi, chibwerereni kudzalera adzukulu. Inu mukudziwa mwambo wathu: munthu ndi mpongozi wake sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, sagundana panjira. Kumudzi nkosavuta, bwalo ndi lalikulu. Nanga m'fulati ya zipinda ziwiri, yokhala ndi kanjira kopapatiza ngati mpita wa mbewa? Koma tinakwanitsa. Iwo akamabwera kukhitchini amayamba atsokomola, ine ndikamatuluka kuchipinda ndimayamba ndaimba. Moni timapatsana iwo atanjuta, nkhope ili kukhoma. Adzukulu amatiseka m'Chingerezi chawo, ife osalabada.

Za madzi, musandiyese mbuli. Mwana wanga atagula matikiti anandilembetsa kudziwe losambira, Lachiwiri lililonse, nthawi ya amayi okhaokha, ndipo ndinaphunzira kuyandama ngati chikho. Sitimayo ndiye musanene, nyumba zosanjikizana, malifiti, malo odyera osawerengeka. Ine masiku awiri oyamba ndinangokhalira kudabwa kuti chitsulo chonsechi chikuyandama bwanji, pamene singano imamira m'kapu.

Tsiku lachinayi m'mawa tinaima pachilumba china. Anatiuza kuti pofika folo koloko aliyense akhale atabwerera, sitima siidikira munthu. Tinatsika, tinakwera kaminibasi, tinafika pakanyumba ka matabwa pomwe amabwereketsa zida zoonera nsomba pansi pa madzi. Mwini wake anali mayi wakuda ngati ife, wamasaya ngati a kwathu, moti ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti kumudzi ali bwanji. Anandipatsa zinthu zinayi: magalasi ophimba maso ndi mphuno, kapaipi kopumira kolumidwa ndi mano, mapazi a bakha a labala, ndi jekete lachikasu loyandamitsa. Magalasiwo anandiyesa mochenjera, akuti ndiwaike kumaso osamanga lamba, ndikoke mpweya ndi mphuno, akakanirira ndiye kuti ndi saizi yanga. Anakanirira. Akutinso ndilavuliremo malovu ndi kupaka ndi chala kuti asachite nkhungu. Malovu, abale, mankhwala aulere amene ndayenda nawo zaka zonsezi osadziwa ntchito yake! Ndinafunsa kuti kapaipika kalowa m'kamwa mwa anthu angati, mayiyo anaseka, nandionetsa ndowa ya mankhwala momwe amativiika. Pa jekete anandionetsa malamba awiri, wa m'chiuno ndi wina wodutsa pakati pa miyendo, nati wachiwiriwo ndiwo mwini nkhani.

Kenako analoza mapu ojambulidwa pathabwa. Magombe analipo awiri. Lapafupi linali ndi mbendera, mlonda pampando wamtali, anthu ambirimbiri, nsomba zochepa. Linalo linali kuseri kwa miyala, lopanda anthu, nsomba zambiri ndi akamba a m'madzi, koma akuti dzuwa likafika pamutu madzi ake amakoka kupita kwakuya, ndiye munthu asapiteko yekha, ndipo akakokedwa asalimbane nawo, asambire chopingasa motsata gombe. Ndisanamizire Chingerezi ayi. Mwana wanga ananditanthauzira liwu ndi liwu, ine ndikugwedeza mutu ngati wamva.

Vuto linali chovala chosambira chimene anandigulira, chothina, chothera pamwamba pa ntchafu. Kudziwe kuja kunali amayi okhaokha. Apa panali apongozi. Ine, mayi wobereka mkazi wawo, ndiyende pamchenga ntchafu zili mbee, iwo ali pomwepo? Ndinati dzuwa landilasa, ndiyambe ndapuma pansi pa mtengo, inu tsogolani. Atangolowa m'madzi onse anayi, ndinanyamula zida zanga m'khwapa, nyang'anyang'a kudutsa miyala ija. Kuseriko kunali zii, mchenga woyera ngati ufa, popanda ngakhale phazi la munthu. Komabe mtima unati mwina wina atulukira, choncho chitenje sindinavule. Ndinachimanga zolimba m'chiuno, jekete pamwamba, ndipo lamba wa pakati pa miyendo uja analibe podutsa. Ndinamusiya akulendewera ngati mchira.

Ndinalowa, ndinagona chafufumimba, ndinaika nkhope m'madzi. Mayo ine! Kodi mumadziwa kuti pansi pa nyanja pali munda? Miyala yophuka nthambi ngati chinangwa, ina yozungulira yamakwinya ngati ubongo wa mbuzi, udzu ukuweyula popanda mphepo. Nsomba zachikasu zoyenda pamzere ngati amayi a kwaya, zina zamizere ngati yunifolomu, ina yamlomo wa mbalame ikukukuta mwala, ine ndikumva ndithu kuti khutchu, khutchu. Ndinadzifunsa kuti Mulungu anapentera yani zonsezi, kuzibisa pansi pomwe palibe woziona? Utoto wonsewu, ife kumtunda tikuvutika ndi nsomba zotuwa? Ndiye mukundidziwa, ndikakondwa ndimaimba. Pakamwa panali kapaipi, mawu osatuluka, koma nyimbo ya kutchalitchi inkatulukira pamwamba ngati lipenga.

Ndipo anabwera kamba. Wamkulu ngati lichero, nkhope yamakwinya ngati yanga, akudya udzu mosathamanga. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Anakwera pamwamba, anapuma kamodzi, anatsikanso, nayamba ulendo. Ine ndinafuna kudziwa kuti gogo mnzangayu amakhala kuti, ali ndi ana kodi, amagona pati. Ndinamutsata. Ndinkadabwa kuti lero ndikusambira bwino chotere, osatopa, osakupiza mapazi, kuyenda ngati ndakwera basi. Sindinadziwe kuti ndakweradi basi, ndipo woyendetsa ndi madzi.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mtundu. Pansi panasiya kuwala, munda unatha, kamba anazimirira mumdima wabuluu wopanda malire. Ndinadzutsa mutu. Gombe lili uko, mitengo yake ngati timachesi. Ndinati ndikupize miyendo ndibwerere, miyendo kukana. Chitenje chinali chitamasuka, chazinga mawondo, chazinga akakolo, chandimanga ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinaphupha, phazi limodzi la bakha linavuka. Jekete, posowa lamba wake, linakwera mpaka m'makutu, ine ndikutsetserekera m'kati mwake. Funde linadzaza kapaipi, mchere pammero, mchere m'mphuno, nyimbo inathera pomwepo.

Mudzadabwa zimene mutu umaganiza nthawi ngati imeneyo. Ndinaganiza za folo koloko, kuti sitima inyamuka bedi langa lili loyala. Ndinaganiza kuti ku Mchinji akawauza chiyani, kuti mayi uja anapulumuka njala, anapulumuka uchembere kasanu ndi kawiri, koma wafa akulondola kamba? Ndinayesa kukuwa, madzi analowa. Ndinagwira jekete ndi manja onse awiri, ndikumva zala zikulefuka chimodzichimodzi.

Kenako china chinandigwira kumbuyo kwa khosi. Ndinati basi, mwini nyanja wafika. Koma chinalankhula Chinyanja cha ku Chipata, chikupuma movutika, chikuti amayi pepani, amayi pepani, amayi pepani. Apongozi! Anati ndisawagwire, ndigone chagada, ndilavule kapaipi. Ndinamvera. Atasuzumira pansi anati chitenjechi chichoke. Ndipo ine, imfa ili pamphuno, ndinakana! Ndinati ayi bambo, chimenecho chokha ayi. Iwo anati ana awo akufuna agogo, sakufuna chitenje, ndipo ngati ndi mlandu tikakambirana kumtunda. Anamira, ndinamva manja akumasula nsalu m'miyendo mwanga, kamodzi, kawiri, miyendo inamasuka. Ndinachiona chikutsika pang'onopang'ono, chikutambasuka ngati duwa, chitenje changa cha maluwa ofiira chimene ndinachokera nacho kwathu.

Anandikoka pakolala ya jekete, osalunjika kugombe koma chopingasa, monga ananenera mayi uja. Njira yonseyo nkhope yawo inali kumbali, osanditembenukira ngakhale kamodzi. Mpweya wawo unkalira ngati mvukuto, nawonso ankamwa madzi, ndipo mantha enieni anandigwira apa, kuti manyazi anga asiya mwana wanga wamasiye ndi adzukulu opanda bambo. Ndinati bambo ndisiyeni, pitani. Anati basi yawo sinasiyepo munthu panjira. Tili choncho, kunamveka injini. Anali mayi wobwereketsa zida uja ndi amuna ake pakabwato, poti mlonda wa gombe lina lija anaona kadontho kachikasu patali nawakuwira. Anatikweza, mayiyo anandifunditsa thaulo, kenako anandikalipira m'Chingerezi chimene sichinafune womasulira.

Sitima tinaipeza. Mwana wanga analira, anandikalipira nayenso, analiranso. Koma ine funso linali likundidya: apongozi anadziwa bwanji? Kuwafunsa ndekha sindikanatha, ndinatuma mkazi wawo. Yankho linabwera loti zaka zisanu ndi zinayi zonsezi iwo amadziwa pomwe ndili mphindi iliyonse, poti sungapatukire munthu amene sukudziwa ali pati. Atadzutsa mutu m'madzi nkuona pansi pa mtengo palibe munthu, anatsata mapazi anga. Anazindikira chimene ndinathawa, ndiye sanafune kundichititsa manyazi. Anakhala kuseri kwa mwala, msana kunyanja, akumvetsera lipenga langa. Linayamba kuchepa, kuchepa, kenako zii. Apo ndi pomwe anatembenuka.

Tsono chimene ndimakhulupirira lero ndi ichi. Mwambo wathu sindiunyoza ayi, poti ulemu womwewo ndi umene unanola khutu la apongozi. Chimene chinafuna kundipha ndi manyazi osafunsa. Kodi mukudziwa kuti pakanyumba kaja pankagulitsidwa zovala zosambira zofika m'akakolo? Zinali pamwamba pa mutu wanga, ndikanangotsegula pakamwa! Choncho amayi anzanga, ana anu akakutengerani ku zilumba, pitani, kaoneni munda wa pansi pa madzi, musafe musanauone. Koma mverani wobwereketsa zida, nyanjayo ndi yakwawo. Sankhani gombe la mbendera ngakhale nsomba zichepe, poti gombe lopanda anthu lili ndi chifukwa chake. Mangani malamba onse awiri. Chitenje chisiyeni pamchenga, chikudikirani. Ndipo kamba akakuyang'anani, mupatseni moni, azipita yekha.

Lamulungu lotsatira titabwerako, fulati yathu inadzaza mpaka pamasitepe, nthungululu mpaka oyandikana nawo anagogoda, nawonso tinawalowetsa. Anabwera Nachisale wa ku Tottenham ndi beseni la mandasi, atakwera sitima zapamtunda ziwiri. Anabwera Mayi Tembo a kwaya ndi amuna awo, anabwera Nangozo atangoweruka kushifiti, yunifolomu ili m'thupi. Anabwera aZulu oyendetsa basi ndi aMbewe a ku Greenwich, anabwera Esinati ndi mapasa ake, anabwera Abusa ndi Amayi Busa atanyamula chitenje chatsopano cha maluwa ofiira. Analipo mwana wanga Tiyamike, analipo adzukulu anga Chisomo ndi Madalo, akuvina chammbali ngati nkhanu. Ndipo analipo apongozi anga aJere, atanjuta pakhomo la khitchini monga mwa masiku onse, nkhope kukhoma, khutu kwa ine.