Chaka Chimene Ndinkayesa Ndakula

Ndikukumbukira mpaka lero fungo la damu la kwathu ku Mlolo m'mwezi wa Okutobala: matope ong'ambika ndi dzuwa, ndowe za ng'ombe, ndi madzi obiriwira, ofunda ngati wina wawatereka pamoto. Tikaweruka kusukulu tinkatsekulira ng'ombe n'kuzithamangitsira kumeneko, ife n'kuvula makabudula, phava m'madzi. Ng'ombe zinkamwa mbali ina, ife tikusambira mbali ina. Panalibe amene ankavutika kutuluka kuti akataye madzi patchire. Unkangoima phee, madzi akulekeza m'chiuno, nkhope utaiumitsa ngati ukuganiza nkhani yaikulu.

Pakati pa ife anyamata panali chinthu chimene aliyense ankachidziwa, koma sitinkachitchula pamaso pa akulu kapena atsikana. Mnyamata akayamba kukodza magazi, ndiye kuti wayamba kukula. Anatiphunzitsa zimenezi ndi Lakisoni, mkulu wa gulu lathu, mnyamata wamiyendo itali, wowonda, wa giredi seveni. Iye ankati atsikana ali ndi zawo zimene amauzidwa ndi anamkungwi, ife zathu ndi zimenezi. Ankatitengera kuseri kwa chulu n'kutionetsa madontho omaliza ali psuu pamchenga, ndipo tinkayang'ana mwaulemu ngati tikuona chozizwitsa. Mmodzimmodzi anzanga anayamba kufiira. Ine ayi. Ndinatsala ndekha ndi tiana tonyamula mabotolo a madzi.

Zinkandipweteka mtima kwambiri. Ndinadya matimati aawisi m'dimba la amayi mpaka m'kamwa kuyabwa, poganiza kuti mwina kufiirako kumachokera kumeneko. Ku Sande sukulu, aphunzitsi akatiuza kuti titseke maso aliyense apemphe chimene akusowa, anzanga ankapempha nsapato, ine ndinkapempha magazi. Pemphero langa linayankhidwa mvula yoyamba itagwa. M'mawa wina ndinamva kutentha ngati ndadutsitsa tsabola, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona kufiira. Ndinathamanga wosasamba n'komwe kukauza Lakisoni. Iye anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu, n'kundipatsa chikwapu chake chachikopa kuti kuyambira tsiku limenelo ndizitsogolera ng'ombe ndine. Kupwetekako sindinakuwerengere. Ndinkati kukula n'kowawa basi.

Mu Disembala alongo anga a Esinati anabwera kutchuthi. Iwo ndiwo oyamba kubadwa kwathu, ndipo anali munthu woyamba m'mudzi mwathu kupita ku yunivesite ku Lusaka. Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo tsiku limene maphunziro a alongo angawo anayamba, atatewo anaimirira m'tchalitchi n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wawo wapita kukaphunzira zaumoyo. Anthu anamva mawu akuti zaumoyo, iwo n'kumalizitsa okha. Kuyambira pamenepo a Esinati anasanduka adokotala, ine mlongo wa adokotala, ndipo kusukulu sindinkalola kuti wina aiwale zimenezo.

Atangofika, m'mawa mwake pakhonde pathu panadzaza. Kunabwera amayi ena a msana, abambo ena a dzino, ndi mtsikana atabereka mwana wa chifuwa. Alongo anga anawapatsa moni atagwada, n'kuwamvetsera onse, kenako anawauza mofatsa kuti iwo sabaya jekeseni ndiponso alibe mankhwala, odwala apite kukiliniki. Anati maphunziro awo ndi a umoyo wa anthu onse pamodzi, ndi kuphunzitsa anthu kudziteteza.

"Ntchito yanga idzakhala yoti anthu asadwale," anatero.

Abambo a dzino aja anachotsa dzanja patsaya. "Nanga ife amene tadwala kale?"

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Masiku otsatira alongo anga ankayenda khomo ndi khomo, akusuzumira m'zimbudzi, akuyang'ana zitsime, akufunsa azimayi kumene amatunga madzi akumwa ndi kumene ana amasamba m'manja. Ine manyazi anandigwira. Atate sananene kanthu kwa iwo, koma ndinawamva akufunsa amayi pamene ankasenda mtedza wa mbewu: "Kodi mpaka ku Lusaka kukaphunzira chimbudzi? Chathuchi ndinakumba ndekha, popanda digiri."

Tsiku lina alongo anga anachapa zovala za banja lonse. Ndikubwera kokweta ng'ombe anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, kabudula wanga wa sukulu ali m'manja. Anandionetsa kadontho kakuda kamene sopo anakanika kukachotsa. Kwathu mnyamata sakamba nkhani za m'kabudula ndi mlongo wake, choncho ndinayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Koma mumtima ndinali ndi kachimwemwe, poti tsopano ngakhale a ku Lusaka adziwa.

"Mavuto, ichi n'chiyani?"

"Ndakula," ndinayankha motsitsa mawu.

Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena andiuza kuti ndisamalowenso m'chipinda cha amayi. Iwo anangokhala pansi pa mtondo umene unali pamenepo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ngati zimapweteka, ndiponso ngati pali anzanga ena. Ndinawatchula onse monyadira, kuyambira Lakisoni.

"Mavuto, iwe sunakule. Ukudwala. Limeneli ndi likodzo."

M'mawa mwake anavala jombo za atate, n'kumangirira sefa yakale ya amayi kunsungwi, n'kunditengera kudamu. Anaima pamwala, osalola kuti madzi awakhudze, n'kumakokola udzu wa m'mphepete. M'sefamo munatsala tinkhono tating'ono takuda, tofanana ndi njere za mtedza, timene tinkatiponda tsiku ndi tsiku osatiganizira. Anandifotokozera kuti m'tinkhonomo mumatuluka tizilombo tosaoneka ndi maso, timalowa pakhungu la munthu amene ali m'madzi, timakula m'thupi n'kuikira mazira m'chikhodzodzo, ndipo mazirawo ndi amene amacheka m'kati n'kutulutsa magazi. Munthuyo akakodzera m'madzi, mazira amaswa n'kukalowanso m'nkhono.

Ndinamvetsera zonse, koma mutu unangoti balala. Ndinatenga kankhono kamodzi ndi kamtengo n'kukatembenuza. Kanalibe mano. Sikanandilumepo, ndipo sindinakadyepo. Ndinayang'ana miyendo yanga kufuna kuona kabowo kamene kachilombo kanalowera, osakapeza. Ndiye ngati nkhono ikupatsa ine, ine n'kupatsa nkhono, anayamba ndani? Ndinafunsa zimenezo, ndipo alongo anga anaseka koyamba tsiku limenelo. Anati ngakhale m'kalasi mwawo aphunzitsi amajambula nkhaniyi mozungulira ngati nkhata, yopanda poyambira. Yankho limenelo silinandithandize. Chimene ndinatolapo n'chakuti ine ndi nkhono tinali pa mlandu umodzi.

Titabwerera kunyumba tinapeza atate akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Alongo anga anagwada chapatali n'kuwauza zonse. Atate sanadabwe n'komwe. Anapitiriza kusema.

"Zimenezo tonse tinadutsamo. Zimatha zokha mwana akakhwima."

Ndinaima pakati pawo ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Atate sankanama, poti anali mkulu wa mpingo. Alongo anga sankanama, poti anali a ku yunivesite. Koma mmodzi ankati ndikukula, wina ankati ndikudyeka m'kati.

"Atate, magazi amatha kusiya kuoneka, koma matenda satha," anatero alongo anga mwaulemu. "Amabisala, n'kumawononga chikhodzodzo pang'onopang'ono. Ena zimadzawavuta atakula kale."

Kasemasema anaima m'manja mwa atate. Mkulu wawo, amene ife tinkawatchula atate aakulu, anamwalira ine ndili wamng'ono, atavutika nthawi yaitali potaya madzi. Atate anafunsa, maso ali pampini, ngati chinawatenga akulu awo chinali chimenechi.

"Sindikudziwa, atate. Sindinawapime, ndipo si ntchito yanga. Koma sindikufuna kuti tidzafunsane funso lomweli za Mavuto."

Atate anaika mpini pansi. Kenako anaimirira, n'kulowa m'nyumba, n'kutulutsa njinga yawo imene sankabwereketsa munthu. Anaipopa matayala onse awiri, n'kuitsamiritsa pamtengo, n'kubwerera kumpini wawo.

Alongo anga anandikweza pakaliyala, tikudutsa m'tinjira ta m'minda, chimanga chikungomera kumene. Kukiliniki anakhala pabenchi ngati munthu wina aliyense, kudikira kuti tiitanidwe, ndipo ine ndinkadabwa kuti kuphunzira konse kuja sikunatidumphitse ngakhale munthu mmodzi pamzere. Anesi anandipatsa kabotolo n'kundilozera kuseri. Atakaona anangoti, "Winanso wa kudamu." Anayamba andidyetsa mbatata imene tinatenga, kenako anandipatsa mapiritsi oyera, akuluakulu, owawa moti mpaka lero ndikawakumbukira lilime limakwinyika. Pobwerera mutu unkazungulira, m'mimba mukupotokola, ndipo ndinagona madzulo onse pamphasa. Ndinkadzifunsa kuti matenda ake ndi ati: m'mawa ndinali bwinobwino, ndikuthamanga, koma nditamwa mankhwala m'pamene ndinadwala.

Sukulu itatsekulira mu Januwale, alongo anga asanabwerere ku Lusaka, anapempha ahedi kuti alankhule ndi ana. Tinaima pamizere pabwalo, dzuwa likuwomba kumaso, iwo atanyamula botolo la tinkhono lotseka bwino limene linayenda dzanja ndi dzanja. Analankhula Chichewa chathu chomwechi, osabisa mawu, mpaka aphunzitsi ena aamuna ankayang'ana kumitengo. Dzina langa sanalitchule, koma atangonena za magazi, anyamata onse anatembenukira kwa ine. Chinsinsi chathu chinali pambalambanda, atsikana akumva. Ndiye anawonjezera chinthu chimene chinandimaliza: anati atsikana amene amachapa ndi kutsuka mbale kudamu nawonso amadwala likodzo lomwelo. Ndinaona atsikana angapo akuweramitsa mitu. Ndinangoti kukamwa yasa. Chizindikiro cha umuna chimene ndinachipempherera chija, atsikana analinso nacho?

Masana amenewo Lakisoni anandilanda chikwapu pamaso pa onse. Anati ndaulula za amuna kwa akazi, ndipo poti ndamwa mankhwala, ndabwerera ku umwana. Ine ndinaletsedwa ndi alongo anga kulowa m'damu, choncho ndinkakhala pamthunzi ndi tiana tija, ndikumva anzanga akukuwa m'madzi. Patapita masabata, kutentha kuja kunatha ndipo mkodzo unayera. Amayi anathokoza Mulungu. Ine ndinaima kuseri kwa chulu ndekha, ndikuyang'ana pamchenga popanda kufiira, osadziwa ngati ndisangalale kapena ndilire. Ndinkamva ngati andichiritsa ndi kundibera nthawi imodzi.

Anyamata ena makolo awo anawatengera kukiliniki mwakachetechete. Lakisoni anakana. Koma pofika nthawi yokolola anali atasiya kuthamangitsa ng'ombe, ankangokhala pamwala atagwira pamimba. Tsiku lina anafika kwathu, n'kuima kumpanda, n'kufunsa ngati adokotala alipo. Ndinamuuza kuti anapita kalekale, komanso kuti si adokotala. Anayamba kuthyola timitengo ta mpanda. Kenako anafunsa osandiyang'ana:

"Kodi mapiritsi aja ndi owawa kwambiri?"

Ndinamuuza kuti ndi owawa koopsa, ndipo ayambe wadya. Atate anali pakhonde akumva zonse. Anandiuza kuti nditenge njinga ndimuperekeze mnzanga. Ndinapalasa ndine, mkulu wa gulu lathu ali pakaliyala, wopepuka ngati mtolo wa mapesi.

Lero zinthu zinasintha, ngakhale si zonse. Alongo anga anamaliza maphunziro awo ndipo amagwira ntchito ku ofesi ya zaumoyo m'boma lina. Ine ndinatsala kuno, ndikulima. M'mudzi muli mjigo, azimayi sachapanso kudamu kawirikawiri, ndipo azaumoyo amafika kusukulu kudzamwetsa ana mankhwala a likodzo, ana n'kumabwera kunyumba akulitchula dzinalo ngati akutchula chimfine. Mawu akuti umoyo wa anthu onse ndinadzawamvetsa mochedwa, nditaona kuti ntchito imeneyi ikayenda bwino palibe chooneka, mwana amangokhala wosadwala, ndipo palibe amene amabwera kudzathokoza.

Koma damu lilipo, ng'ombe ziyenera kumwa, ndipo Okutobala akutenthabe. Mwana wanga wamwamuna ndiye akuweta tsopano. Ndimamuletsa kusambira, iye amavomera mwaulemu, madzulo n'kubwera tsitsi lili ndi matope. Choncho nthawi ndi nthawi, tikamapita kumunda awiriwiri, ndimamufunsa mosazungulira ngati mkodzo wake uli bwino. Iye amandiyang'ana ngati ndafunsa za nyengo, n'kuyankha kuti, "Uli bwino, atate." Ndipo timapitiriza ulendo, makasu ali paphewa.