Bondo la a Sambandam

A Ulaganathan ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, ndipo ndi woimba ng'oma ya thavil m'mudzi wina kufupi ndi Kumbakonam. Bambo awo ankaimba ng'oma yomweyo, agogo awonso chimodzimodzi. Amakhala ndi mkazi wawo, a Marakatham, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ana anapita ku Chennai kukagwira ntchito za m'maofesi.

Kuyambira ali anyamata amaimba ndi a Sambandam, owuzira nadaswaram, chitoliro chachitali chija. M'mawa kukachisi, nyengo ya maukwati m'maholo. Amakangana pa chilichonse: khofi, mabasi, ndi amene wakalamba kuposa mnzake.

Pa ukwati, ntchito yeniyeni ya woimba ng'oma ndi kamphindi kamodzi. Mkwati akamamanga thali, ulusi wachikasu uja, m'khosi mwa mkwatibwi, wansembe amakweza dzanja ndipo ng'oma imalira mwamphamvu, kuti wina akayetsemula kapena kutulutsa mawu oipa zisamveke. Zikamveka ndi tsoka pa banjalo. Nyimbo zina zonse n'zongokometsera.

Khutu lakumanja ng'oma inalidya kalekale. Kenaka maso anayamba ng'ala. A Ulaganathan sanauze munthu.

Chaka chatha m'mwezi wa Thai, nyengo ya maukwati, pa ukwati wa mwana wa wogulitsa nsalu, anaona dzanja likukwera kuseri kwa utsi wa moto wa nsembe. Anaimenya ng'oma ndi mphamvu zonse. Koma dzanjalo linali la azakhali ena amene ankakodola wogawa madzi. Thali inali ikadali m'mbale, ikuzungulira pakati pa alendo kuti aidalitse. Akumbuyo, poganiza kuti thali yamangidwa, anaponya mpunga wawo wa madalitso pamitu pa anzawo.

Kusiya ng'omayo thali isanamangidwe kukanaipa koposa. A Sambandam anawaponyera diso, natsatira. Anaimba choncho mpaka mbale inamaliza holo yonse. Tizisoti tiwiri timene a Ulaganathan amavala ku zala pomenya ng'oma tinasweka.

Anthu atakhala pansi kudya, mwini holo anaitanira a Ulaganathan pambali. “Bambo, mwatumikira mokwana. Pumulani. Anyamata alipo, zoimbira za magetsi ziliponso.”

Holo imeneyo ndiyo inkawapatsa maukwati ambiri. Kunyumba anapachika ng'oma pamsomali, nakhala pakhonde.

“Ndiye muzikhala pano tsiku lonse?” anatero a Marakatham. “Ine sindingapirire zimenezo.”

Madzulo a Sambandam anafika pa njinga.

“Iwe wakhungu, bwanji sunanene?”

“Ndikananena, ukanalengeza mudzi wonse ndi chitoliro chakocho.”

“Mapapo anga anatsala pang'ono kutulukira kukamwa chifukwa cha azakhali ofuna madzi.”

“Unaonda pang'ono. Uzindithokoza.”

A Sambandam anamwa khofi, nakwera njinga kupita kwa mwini holo. Anamuuza kuti Ulaganathan akapanda kuimba, iwonso sauzira. Mwini holo anavomera ukwati umodzi wokha, woyesera.

Njira yake sinali yovuta. Oimba amakhala pamphasa atapinda miyendo, motalikirana pang'ono kuti ng'oma ipeze malo. Pa tsiku la ukwati woyeserawo a Sambandam anasendera mpaka bondo lawo linagunda la mnzawo.

“Usayang'ane wansembe, usayang'ane azakhali,” anatero. “Ndikakugunda, imenye mwamphamvu.”

“Bondo lakoli ndi fupa lokhalokha.”

“Ndiye ulimva bwino.”

A Ulaganathan anatseka maso n'kumaimba zawo pang'onopang'ono. Manja ambiri anakwera m'holomo, iwo sanawaone. Bondo litagunda, ng'oma inabangula, mpunga unagwa pamitu yoyenera. Amalume a mkwatibwi, amene anali ndi chimfine, anayetsemula mkwati ali pakati pomanga. Anaona ndi a Sambandam okha. Palibe anamva.

Sabata yotsatira mwini holo anangotumiza uthenga wa masiku a maukwati ena.

Mwezi watha a Ulaganathan anakachotsetsa ng'ala ya diso lamanzere ku Thanjavur, ndipo tsopano dzanja la wansembe amaliona bwinobwino. A Sambandam sanabwerere pamalo pawo pakale. Awiriwa amaimbabe mawondo atagundana, m'mawa kukachisi, nyengo ya maukwati m'holo yomweyo.